Masekondi osakwana anayi: chikho n'cha dalaivala kapena cha amakaniko?

Mnyamata wa Tekiniko
Akuluakulu, moni nonse pa gulu. Usiku wathawu ndinagwera pa YouTube n'kuyamba kuonera mipikisano ya bungwe la NHRA la ku America, ija ya galimoto ziwiri zongothamanga molunjika. Gulu lake ndi Top Fuel, la galimoto zazitali zija za injini kumbuyo. Chandizunguza mutu si liwiro ayi, koma zomwe zimachitika galimoto ikabwerera. Anyamata kuiunjirira, injini yonse kuimasula mpaka mapisitoni pa tebulo, kenaka kuimanganso, ola lisanathe yaliranso. Ine ndili chaka chachiwiri cha umakaniko. Ntchito ngati imeneyi munthu amailowa bwanji? Nanga amakanikowo amadziwika ngati dalaivala, kapena amangofera kumbuyo?

Angoni Satha
Mphwanga, umenewonso ndi mpikisano? Kona palibe, giya sasintha, kupitirirana palibe. Kuponda moto n'kugwira chiwongolero masekondi anayi basi, kenaka kukaima pa kamera n'kumathokoza kampani ya oilo. Bwera ku Formula One uzaone madalaivala.

Madala a Sipanala
Angoni, mwayamba kale kunyoza ntchito za eni. Mphwanga wa Tekiniko, zomwe waonazo si zachionetsero. Injini ya Top Fuel ndi V8 ya malita 8.2, kapangidwe kake anatengera Hemi ya Chrysler, koma imatulutsa mphamvu pafupifupi 11,000 horsepower. Tsopano tawerengera wekha. Imazungulira cha m'ma 8,000 pa mphindi, ndipo ulendo wake ndi wa masekondi 3.7. Ndiye kuti kuchokera poyambira kukafika pomaliza crankshaft yazungulira ka 500 kokha. Koma m'kanthawi kameneko mapulagi apsa, ma bearing afinyika, mambale a kilatchi atentha mpaka ena kumatirirana. Kuibwezera pa mzere osaitsegula ndi kuitana moto. N'chifukwa chake ulendo uliwonse amachotsa supercharger, mahedi onse awiri, mapisitoni 8 ndi ma con rod ake, sampu pansi, kilatchi yonse kunja. Kale ankapatsidwa mphindi 75, masiku ano mpikisano ukamaonetsedwa pa TV nthawi yomweyo, mphindizo zimachepa kuposa pamenepo. Kuno ku Ndirande ovaholo ya injini ya minibasi timagona nayo sabata yathunthu, mwini wake akubwera m'mawa uliwonse kudzatilalatira.

Mnyamata wa Tekiniko
Eee madala, 11,000 pa malita 8 okha? Amathira petulo wanji ameneyo?

Madala a Sipanala
Si petulo. Ndi nitromethane, magawo 90 pa 100, kotsalako methanol. Nitro amayenda ndi okosijeni wakewake m'kati. Kilogalamu imodzi ya petulo imafuna mpweya makilogalamu 14.7 kuti iyake bwino, ya nitro imangofuna 1.7. Ndiye mu silinda yomweyo umakhuthuliramo mafuta ochuluka zedi n'kuyakabe. Ulendo umodzi, kuphatikiza kutenthetsa matayala asananyamuke, malita oposa 50 apita. Silinda iliyonse ili ndi mapulagi awiri, ndipo ma magneto, opereka moto ku mapulagiwo, ndi awiri, chifukwa moto ukaphonya mafuta aja amadzaza silinda ali amadzimadzi, pisitoni ikabwera kudzawapanikiza palibe kothawira, hedi imauluka. Za giya Angoni sananame, giyabokosi mulibe. Ntchito yonse imagwiridwa ndi kilatchi ya mambale asanu kapena asanu ndi imodzi, yomwe imagwira pang'onopang'ono motsatira ma timer amene mkulu wa amakaniko watchera galimoto isanalire. Ikagwira msanga matayala amangozungulira n'kutulutsa utsi. Ikachedwa mnzako wapita.

Nachisale wa ku Indiana
Nkhani imeneyi yandifikira pakhomo. Ine ndimakhala South Bend, ndipo U.S. Nationals, mpikisano waukulu kuposa yonse ya NHRA, imachitikira kufupi ndi Indianapolis kumapeto kwa sabata ya Labor Day, pamene Ogasiti akutha Seputembala akulowa. Pafupi pomwepo pali tauni ya Brownsburg, kumene kuli magalaja a matimu ambiri, a John Force Racing ndi a Tony Stewart Racing ali komweko.

Chokoma cha masewerawa n'choti tikiti ina iliyonse imakulowetsa kumene amakonzera galimoto. Pakati pa iwe ndi injini pamangokhala chingwe. Achimwene a Tekiniko, mukanaona. Galimoto ikangofika aliyense amathamangira malo ake, ndipo salankhulana. Awiri pa mahedi, wina kumanzere wina kumanja. Wa supercharger payekha. Wina amagona chagada pansi pa injini, oilo wotentha akumudonthera m'manja, akumasula ma con rod n'kumakankhira mapisitoni m'mwamba kuti anzake awalandire. Amene ndinamuyang'anitsitsa ine ndi wa kilatchi. Anavala magolovesi ochindikala ofika m'zigongono, akutulutsa mambale akufuka utsi, nkhope yonse bii ndi fumbi la kilatchi, maso okha kuyera. Atamaliza anatenga mambale atsopano n'kumayeza ndi kachipangizo kake mmodzimmodzi, akulemba manambala m'kabuku. Dalaivala nthawi imeneyo amapinda maparachuti ake, ena amasakaniza okha mafuta, kenaka n'kubwera pa chingwe kudzasainira ana zipewa.

Akamaliza amailiza kuti aiyese. Akangotsegula nitro, utsi wake umakulowa m'maso ndi m'mphuno, misozi chuchuchu, kupuma osatheka. Amakaniko amavala zotchinga kumaso, ife oonerera timangothawa tikuseka. Ndipo ziwiri zikanyamuka pa mzere simumva ndi makutu okha, nthiti zimanjenjemera.

Angoni Satha
Zikomo achemwali, mwandithandiza. Madala akuti zonse zimatcheredwa galimoto isanalire. Inu mukuti dalaivala ntchito yake ndi kupinda nsalu ndi kusaina zipewa. Ndiye ndalakwa pati? Ameneyo ndi pasinjala wolipidwa.

Mtchona wa ku Joni
Angoni, aise, tatsikani kaye pa mpando wa Formula One. Ine ndinakaonerako ku Tarlton, kufupi ndi Krugersdorp. Galimoto zake sizifika pa za NHRA, koma ngakhale pamenepo umaona kuti dalaivala si katundu.

Choyamba ndi magetsi oyambira. Kwa akatswiri, magetsi atatu achikasu amayaka pamodzi, obiriwira n'kubwera patatha masekondi 0.4. Ukadikira kuona obiriwira waluza kale. Ukafulumira pang'ono amayaka ofiira, watuluka, timu yonse ilongedze katundu. Ndiye zimachitika kuti galimoto yothamanga kwambiri yaluza kwa yochedwerapo chifukwa dalaivala wake anadzuka mochedwa ndi kagawo ka sekondi. Amakaniko agwira ntchito usiku wonse, iwe n'kukagona pa magetsi. Ukabwerera ukawayang'ana bwanji kumaso?

Chachiwiri, galimoto imeneyi siyenda molunjika yokha. Silinda imodzi ikazima mbali imodzi, mphamvu ya ekizozi ya mbali inayo imakankha galimoto chammbali, ndipo ukadutsa mzere wapakati waluza. Funny Car, gulu lina la nitro la galimoto zokhala ndi bodi ngati ya galimoto wamba, ndiye yoopsa kwambiri, chifukwa pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo pali mamita 3.2 okha pomwe Top Fuel ndi 7.6, ndipo injini ili kutsogolo kwako, pafupi ndi miyendo. Matayala akayamba kufuka pakati pa njira uyenera kuchotsa phazi n'kubwezeranso m'kuphethira kwa diso, ukaonjeza injini iphulika. Zonsezi pa liwiro loposa makilomita 530 pa ola. Maparachuti akatseguka thupi limakokeka kutsogolo moti Don Garlits, dalaivala wotchuka wa Top Fuel, anavulala diso m'kati chifukwa cha zimenezi. Pasinjala wanji ameneyo?

Bambo a Mphatso UK
Ndimawerenga mwakachetechete koma apa ndilowepo. Ine ndili Northampton, Santa Pod ili pafupi, bwalo lakale la ndege za nkhondo lomwe analisandutsa malo a mpikisanowu mu 1966. Mtchona akunena zoona, koma ine mtima wanga uli kwa amakaniko, ndipo umboni wanga ndi munthu mmodzi: Alan Johnson.

Bamboyu ankatchera galimoto ya mchimwene wake Blaine, amene anafa pa ngozi ku U.S. Nationals mu 1996 akutsogola pa mapointi. Alan sanasiye. Anatenga Gary Scelzi, n'kutenga naye ukatswiri wa Top Fuel mu 1997, 1998 ndi 2000. Anapita kwa Tony Schumacher, zikho zisanu zotsatizana kuyambira 2004 mpaka 2008. Anayambitsa timu ya Al-Anabi ndi ndalama za ku Qatar: Larry Dixon 2010, Del Worsham 2011, Shawn Langdon 2013. Brittany Force potenga chikho chake choyamba mu 2017, Alan anali pomwepo. Madalaivala akusinthasintha, chikho chikutsatira munthu mmodzi.

Tsopano imvani ya Doug Kalitta. Mu 2006, pa mpikisano womaliza ku Pomona, Doug amatsogola. Kuti Schumacher amulande chikho, panafunika kuti apambane ulendo womaliza weniweni komanso aswe rekodi ya dziko la America pa ulendo womwewo. Alan Johnson anatchera galimoto, Schumacher anathamanga masekondi 4.428, zonse ziwiri zinatheka. Doug anaima kumapeto kwa msewu akuonerera chikho chikumupulumuka. Anakhala wachiwiri kasanu ndi kamodzi pa moyo wake wa mpikisano. Anadzachitenga mu 2023, ali ndi zaka 59, pa bwalo lomwelo la Pomona, atagonjetsa Leah Pruett pa ulendo womaliza. Amene amatchera galimoto yake tsiku limenelo ndani? Alan Johnson yemwe uja anamuliza mu 2006.

Angoni Satha
Basi nkhani yatha. Bambo a Mphatso ndikugulirani fanta mukadzabwera. Chikho n'cha makaniko, dalaivala amangochinyamula pojambulitsa.

Nachisale wa ku Indiana
Musathamange Angoni. Bambo a Mphatso adumpha chaka chimodzi mwadala. Alan Johnson atachoka kumapeto kwa 2008, anthu ambiri ankati Schumacher wathera pomwepo. Mu 2009 Schumacher, ali ndi mkulu wa amakaniko watsopano Mike Green, anatenganso chikho atagonjetsa Larry Dixon wa mu galimoto ya Alan Johnson yemweyo, kusiyana mapointi awiri okha. Mu 2014 anatenganso. Zikho zake zonse ndi 8, kuphatikiza cha 1999 asanakumane ndi Alan. Ndiye kunena kuti aliyense akanakhala pa mpando umenewo akanapambana n'kunama.

Bambo a Mphatso UK
Sindinadumphe mwadala achemwali, ndimasunga malo. Koma zitatu popanda Alan, zisanu ndi Alan. Masamuwo awerengeni nokha.

Madala a Sipanala
Ana inu mukukangana ngati ndi anthu awiri osiyana fuko. Taonani John Force. Munthu ameneyu anali dalaivala wa mathiraki, analowa mu Funny Car alibe ndalama, galimoto zake zinkangoyaka moto, kwa zaka zambiri osapambana ngakhale kamodzi. Mu 1985 anakopa Austin Coil, amene anali atatenga kale zikho ziwiri ndi Frank Hawley mu 1982 ndi 1983. Kupambana koyamba kunabwera mu 1987 ku Montreal, chikho choyamba mu 1990, kenaka 10 zotsatizana kuyambira 1993 mpaka 2002. Pa zikho 16 za Force, 15 anatenga ndi Coil. Ndiye mukhoza kunena kuti Coil ndiye mwini zonse. Koma ndani ankapeza ndalama zogulira Coil mapisitoni? Force pakamwa pake. Munthu wolongolola, kamera ikangomuloza sasiya, makampani ankamukonda chifukwa cha zomwezo. Castrol inakhala naye zaka pafupifupi 30. Makaniko wanzeru wopanda zipangizo ndi wongokhala. Ine ndikudziwa zimenezi, ndakhalapo ndi galimoto pa jeke mwezi wathunthu podikira mwini wake apeze ya gasketi.

Mnyamata wa Tekiniko
Akuluakulu mkanganowu ukukoma koma funso langa lamira. Wolowera ku sipanala amakafika pati? Kapena ukayamba ndi kilatchi umafera pa kilatchi?

Nachisale wa ku Indiana
Pepani achimwene, tabwerera kwa inu. Apa ndi pamene masewerawa amasiyana ndi ena, chifukwa madalaivala akuluakulu angapo anayambira pa sipanala penipeni. Robert Hight anali wa kilatchi pa galimoto ya John Force kwa zaka zambiri asanapatsidwe mpando mu 2005, ndipo anatenga zikho za Funny Car mu 2009, 2017 ndi 2019. Larry Dixon ankagwira ntchito pa galimoto ya Don Prudhomme, bwanayo atapuma mpando unagwera iye. Ron Capps naye anayamba ngati wothandiza amakaniko, lero ali ndi zikho zitatu ndi timu yakeyake. Ku Pro Stock, gulu la galimoto za petulo, Greg Anderson anali mkulu wa amakaniko wa Warren Johnson asanayambe kuyendetsa, pano wapambana mipikisano yoposa 100.

Amene amandisangalatsa ine ndi Austin Prock. Anayendetsa Top Fuel ya kwa Force mu 2019, ndalama za sponsa zitatha anatsika pa mpando n'kuvala ovolosi, n'kumagwira ntchito ngati makaniko wamba. Mu 2024 Hight atapuma chifukwa cha matenda, Austin analowa mu Funny Car n'kutenga chikho chaka chomwecho, bambo ake Jimmy Prock ndiwo akutchera injini, mchimwene wake Thomas akuwathandiza.

Koma ndisakunamizeni, amenewa ndi ochepa. Ambiri amakwera makwerero ena: umayamba ndi kutsuka zitsulo ndi kusamala matayala, kenaka mahedi kapena pansi pa injini, kenaka kilatchi, kenaka wachiwiri kwa mkulu, ukachita mwayi n'kudzakhala crew chief, mkulu wa amakaniko. Moyo wake ndi wa pa msewu. Pa chaka pamakhala mipikisano pafupifupi 20, kuyambira Gainesville ku Florida m'mwezi wa Malichi kukathera Pomona ku California mu Novembala, ndipo mathiraki onyamula galimoto amayendetsa ndi amakaniko omwewo. Lachisanu ndi Loweruka kulimbirana malo 16, Lamulungu maulendo anayi kwa amene wafika kumapeto, usiku womwewo kupasula msasa. Achinyamata ambiri amatha zaka zochepa n'kutopa, makamaka akakwatira.

Mtchona wa ku Joni
Achemwali mwatchula za Prock koma mwaona kuti ndi mwana wa crew chief? Tinene chilungamo, masewerawa ndi a mabanja. Ana a Force atatu, Ashley, Brittany ndi Courtney, onse anayendetsa. Tony Schumacher ndi mwana wa Don Schumacher, mwini kampani ya ma charger a mabatire, amene anamwalira mu Disembala 2023. Doug Kalitta ndi mwana wa m'bale wake wa Connie Kalitta, mwini ndege zonyamula katundu za Kalitta Air ku Michigan. Steve Torrence, amene anatenga zikho zinayi zotsatizana kuyambira 2018 mpaka 2021, ndalama zake zimachokera ku Capco, kampani ya bambo ake yoika mapaipi ku Texas. Sindikuti sadziwa kuyendetsa, Torrence mu 2018 anapambana mipikisano yonse 6 yomaliza. Koma chitseko anachipeza chotsegula.

Nachisale wa ku Indiana
Zoona, koma si onse. Clay Millican ankayendetsa forklift mosungira katundu wa sitolo, anatenga zikho 6 ku bungwe lina la IHRA, ndipo ku NHRA anadikira mpaka 2017 kuti apambane koyamba ku Bristol. Antron Brown kwawo ku New Jersey banja lake limagwira ntchito ya ma septic tank. Anayamba ndi njinga zamoto za Pro Stock mu 1998, anasamukira ku Top Fuel mu 2008, ndipo mu 2012 anakhala munthu wakuda woyamba kutenga chikho chachikulu cha mpikisano wa galimoto ku America. Anaonjeza 2015 ndi 2016, mu 2022 anatsegula timu yakeyake, mu 2024 n'kutenganso chikho ali bwana wa iye mwini. Ndinamuona pa chingwe paja, munthu wosekerera, sathawa anthu.

Bambo a Mphatso UK
Pa ndalama pomwepo ndi pamene ntchitoyi ilibe chifundo. Kuyendetsa galimoto imodzi ya nitro chaka chathunthu kumadya madola mamiliyoni angapo, ndipo ndalama zopambanira sizikwanira n'komwe. Sponsa akachoka zonse zimaima. U.S. Army inasiya kuthandiza Tony Schumacher kumapeto kwa 2018. Munthu wa zikho 8, wopambana kuposa wina aliyense m'mbiri ya Top Fuel, mwana wa mwini timu, chaka cha 2019 anachithera pansi opanda galimoto. Al-Anabi ndalama za ku Qatar zitaduka kumayambiriro kwa 2015, Alan Johnson yemwe uja anavutika kumaliza chaka. Force naye, Castrol ndi Ford atachoka kumapeto kwa 2014, anayenda ndi chipewa m'manja kufunafuna ena. Tsopano ganizirani makaniko wa mahedi. Dalaivala wotchuka amapeza kolowera, TV kaya kusaina mabuku. Wa mahedi amangomva kuti galimoto yaimitsidwa, abweze yunifolomu.

Anaphiri a ku Area 25
Ndangolowa kumene, ndawerenga zonse. Ndamva maina a akazi angapo. Ali ndi gulu lawolawo kapena amalimbana ndi amuna?

Nachisale wa ku Indiana
Mzere umodzi asisi, palibe za gulu la amayi. Shirley Muldowney anatenga chikho cha Top Fuel mu 1977, 1980 ndi 1982, nthawi imene amuna ambiri sankafuna n'komwe kumuona pa bwalo. Mu 1984 anachita ngozi yoopsa ku Canada, miyendo inathyokathyoka, koma anabwereranso n'kupambana. Ashley Force mu 2008 anakhala mkazi woyamba kupambana mu Funny Car, atagonjetsa bambo ake omubereka pa ulendo womaliza. Brittany ali ndi zikho za 2017 ndi 2022, ndipo mu 2019 ku Reading, Pennsylvania, anathamanga masekondi 3.623. Erica Enders anayamba ndi tigalimoto ta ana ali ndi zaka 8, pano ali ndi zikho 6 za Pro Stock, gulu lomwe dalaivala amasinthadi magiya ndi dzanja, Angoni amve. Ndipo si pa mpando pokha, ndaonako atsikana atanyamula mambale a kilatchi, nkhope bii ngati anzawo.

Anaphiri a ku Area 25
Kugonjetsa bambo ako pagulu, madzulo n'kukadya nawo pa tebulo limodzi. Koma ndiye banja lake ndi lolimba mtima.

Madala a Sipanala
Mphwanga wa Tekiniko, popeza ukufuna sipanala ya kumeneko, imva ndi mbali yowawa. Eric Medlen anali makaniko pa galimoto ya Force, monga Hight. Mu 2004 anapatsidwa Funny Car, ndipo mkulu wa amakaniko wake anali bambo ake, John Medlen. Mu Malichi 2007 akuyesa galimoto ku Gainesville, tayala linavuta, galimoto inagwedezeka mwamphamvu moti mutu wake unamenyeka uku ndi uku m'kati mwa zitsulo zomutchinga. Anamwalira patatha masiku ochepa ali ndi zaka 33. Bamboyo sanathawe ntchito, anatsogolera kusintha kapangidwe ka galimotozo, makamaka potchinga mutu. Mu Seputembala chaka chomwecho Force anachita ngozi ku Texas, galimoto inaduka pakati, anathyoka mafupa koma mutu unapulumuka.

Mu Juni 2008 Scott Kalitta, mwana wa Connie, injini inamuphulikira ku Englishtown, maparachuti anaonongeka, anakaomba kumapeto kwa msewu n'kufa. Kuchokera pamenepo Top Fuel ndi Funny Car anazidulira mtunda, kuchoka pa mamita 402 kufika pa 305, kuti pakhale malo oimira. Pro Stock ndi magulu ena anatsala pa mtunda wakale. Ngakhale injini kukhala kumbuyo kwa dalaivala mu Top Fuel kunabwera ndi magazi: Garlits chitsulo chinamuphulikira mu 1970 n'kumudula mbali ya phazi, ali m'chipatala anayamba kujambula galimoto ya injini kumbuyo, mu 1971 n'kupambana nayo ku Pomona. Ndiye ukamamanga boti kumeneko dziwa kuti amene akukhala pa mpandoyo mwina ndi mwana wa munthu amene waima pambali pako.

Mtchona wa ku Joni
Ndipo Force mwiniyo ngozi ya ku Virginia mu Juni 2024 inamupeza ali ndi zaka 75, akuyendetsabe, atapambana kale mipikisano 157. Injini inaphulika, anaomba khoma, anavulala mu ubongo. Jack Beckman ndiye anamalizitsa chaka pa galimoto yake. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, komabe pa msinkhu umenewo ine ana anga akanandibisira makiyi.

Angoni Satha
Chabwino, mawu oti pasinjala ndawabweza theka. Theka linalo ndisunga mpaka wina andionetse kona.

Adimini
Ndaona uthenga wina ndaufufuta, wa bwana amene amaitanira anthu kuti akayese galimoto zawo usiku pa msewu wa bypass. Pa gulu lino ayi. Wally Parks anayambitsa NHRA mu 1951 ndi cholinga chochotsa anyamata m'misewu ya anthu n'kuwapititsa pa malo otchingidwa, pali oyeza galimoto ndi ambulansi. Chikho chomwe amapereka pa mpikisano uliwonse amachitchula dzina lake, Wally. Amene akufuna kukambirana za injini apitirize.

Mnyamata wa Tekiniko
Zikomo adimini. Achemwali a ku Indiana, ndiye kwa munthu ngati ine amene ndili kuno, njira ilipo kapena ndingoonera pa foni?

Nachisale wa ku Indiana
Ndinene mosapsatira: ndi yovuta. Matimu amalemba anthu amene ali kale ndi chilolezo chogwira ntchito ku America, ndipo sayitanitsa makaniko woyamba kumene kuchokera kunja pomwe pa chingwe pali anyamata ambiri akupempha ntchito yomweyo. Amene amalowa ambiri amadzera ku masukulu ngati University of Northwestern Ohio ku Lima, yomwe ili ndi maphunziro a galimoto za mpikisano, kapena amayamba ndi kuthandiza ulere timu yaing'ono yosowa manja. Laisensi ya thiraki yaikulu imathandiza kwambiri, pa chifukwa ndanena kale. Ofuna mpando amapita ku sukulu ya Frank Hawley ku Gainesville, koma laisensi si galimoto, ukaitenga umafunikabe kubwera ndi sponsa wako.

Bambo a Mphatso UK
Kuno ku Ulaya matimu ambiri a Top Fuel amakaniko ake ndi odzipereka, mkati mwa sabata ali ku ntchito zawo, kumapeto kwa sabata ali ku Santa Pod kapena ku Tierp ku Sweden. Khomo lake ndi lofewerapo kwa amene ali kale kuno. Ndipo si njira yakufa, Ida Zetterström anatenga chikho cha Top Fuel cha ku Ulaya mu 2023, chaka chotsatira anali akuyendetsa ku NHRA.

Mtchona wa ku Joni
Kwa iwe mphwanga kufupi ndi kuno. Magalaja okonza galimoto za turbo zothamanga ku Tarlton alipo ambiri ku Gauteng, ndipo munthu wodziwa kuwotcherera aluminiyamu kapena kugwira lathe sasowa pogwira. Bola mapepala akhale olongosoka.

Madala a Sipanala
Asanafike kwa Joni ayambe wandiuza ngati micrometer amaidziwa kuwerenga. Ophunzira amene amabwera pa galaja panga ambiri amamanga maboti a hedi ndi paipi, akuti dzanja limadziwa lokha. Mphwanga, Loweruka ndikutsegula injini ya Toyota ya 2KD. Bwera m'mawa ndi ovolosi yako, torque wrench ndili nayo, ukayeze clearance ya ma bearing onse n'kulemba m'kabuku monga wa kilatchi uja akunena a Nachisale. Ndikutumizira malo ku inbox.

Mnyamata wa Tekiniko
Ndifika madala, 7 koloko ndili pa geti.

Angoni Satha
Madala mumuyikire wotchi, mphindi 75. Achemwali a ku Indiana, wa ku Pomona ukamadzachitika mutiuze nthawi, ndikufuna ndidzaone ndekha ngati aliyense adzakhote.

Nachisale wa ku Indiana
California ndi Malawi mu Novembala zimasiyana maola 10, ndiye maulendo omaliza adzakupezani pakati pa usiku kulowa Lolemba. Mudzagule bandulo yokwanira Angoni, ndipo musadzaphethire.